Umboni wa a Ndinali

Wometa wa tsidya lina la msewu wathu anthu amamutchula kuti a Ndinali. Dzinali analitola kutchalitchi, chifukwa akangolandira maikolofoni mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwake anali omwewo: ndinali chidakwa, abale, ndinali chigawenga, ndinali mkango woyenda mumdima. Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde loyang'anizana ndi shopu yake, ndipo munthuyu ndamuona kuyambira ali kamnyamata kopanda ndevu mpaka lero dazi lafika kunkhongo. Mkangowo sindinauonepo. Amene ndinkamuona ndi bambo wamfupi, wamimba yotsogola, woti khoswe akadutsa m'shopu ankakwera pabenchi n'kuitana mkazi wake kuti abwere ndi tsache.

Shopuyo ndi kachipinda kamodzi. Muli galasi long'aluka pakona lomatidwa ndi selotepi, mpando wozungulira umene unasiya kuzungulira kalekale, benchi la odikira, ndi pepala la zithunzi za mametedwe losuluka ndi dzuwa moti mitu yonse imaoneka yofanana. Fungo lake ndi la sipiliti ndi tsitsi lonyowa. Kumeta amatha, pamenepo sindinganame. Mzere wa pachipumi amauwongola ngati wayeza ndi lula. Koma kasitomala wake ankalipira ndi makutu omwe. A Ndinali ankadikira kuti mutu ufike pakati, mbali ina yoyera mbali ina tchire, pamene munthu sangathenso kuthawa. Ndiye ankazimitsa makina, n'kumuyang'ana m'galasi, n'kumufunsa ngati akudziwa kumene Ambuye anamuchotsa iye. Ndaonapo bambo wina akutuluka mmenemo atakwiya, ndevu za tsaya limodzi zikadalipo.

Tchalitchi chathu chimakumana m'nyumba imene kale inali yosungiramo katundu, ya denga lalitali la malata ndi timazenera kumwamba. Ine ndinayamba kupemphera mmenemo a Ndinali asanadziwe kumene khomo linaloza, choncho musandifunse chifukwa chake sindinasamuke. Abusa athu ndi munthu wabwino, wofatsa, wokhulupirira aliyense mopitirira muyezo. Chiphunzitso chawo chachikulu n'chakuti munthu amene waiwala dzenje limene anamuvuulamo sangathokoze amene anamuponyera chingwe. Amati tizikumbukira machimo athu, osati kuti atilemere, koma kuti tidziwe kukula kwa chimene tinachitiridwa. Chiphunzitsochi ine ndilibe nacho vuto. Vuto n'lakuti a Ndinali anachimva ndi khutu la wamalonda. Anaona kuti wa dzenje lakuya ndi amene amapatsidwa maikolofoni nthawi yaitali, ndiye anagwira khasu n'kuyamba kukumba.

Poyamba dzenjelo linali la mowa. Pamenepo panali kachoonadi pang'ono, chifukwa ankamwadi, ngakhale kuti asanamalize botolo lachiwiri ankakhala atagona pansi ngati thumba la makala. Chaka chotsatira munalowa chamba. Kenaka tinamva kuti anali ndi gulu la anyamata othyola masitolo, iye ndiye mtsogoleri. Kunabwera mpeni, kunabwera mfuti, kunabwera ndende ya m'tauni ina yakutali imene sankaitchula dzina. Anthu ambiri a mumpingo ndi obwera, choncho ankangomeza. Ife akale ochepa, amene tinkamuona tsiku ndi tsiku akusesa tsitsi pakhomo, tinkadabwa kuti ndendeyo ankalowa nthawi yanji, mwina pa nkhomaliro. Ali ndi chipsera pamkono, ndipo umboni ukafika pachimake ankapinda malaya n'kuchionetsa kuti n'cha chikwanje. Chipseracho ndikuchidziwa bwino. Anagwa panjinga akuthawa galu wa kalipentala.

Chimene ndinachiona msanga n'chakuti machimo onsewa analibe nkhope. Amene anawabera anali akutali, amene anawabaya anali opanda dzina, akazi amene anawaliza onse anasamuka kapena anamwalira. Panalibe ndi mmodzi yemwe woti angakumane naye pamsika n'kugwetsa nkhope. Ndipo anthu ankazikonda. Wa kiyibodi ankatsitsa nyimbo pansipansi, amayi ankapukuta misozi ndi nsonga za mipango, iye n'kugwada, manja m'mwamba, n'kuthokoza Yesu mofuula mpaka malata kunjenjemera. Mkazi wake ankakhala kutsogolo akugwedeza mutu mwachisoni, ngati sindiye amene ankamuphera akangaude kubafa. Anayamba kuitanidwa ku mipingo ina ndi ku misonkhano ya achinyamata. Anasoketsa suti, osati kwa ine. Pomaliza anamupatsa mpando wa mkulu wa mpingo, pafupi ndi maluwa apulasitiki.

Tchimo lake lenileni linali laling'ono, lonunkha, ndipo linkagona m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yanga. Ndikunena achimwene anga.

Ali anyamata, achimwene ndi a Ndinali ankameta limodzi m'shopu yomweyo, pansi pa bwana mmodzi. Ankadyera mbale imodzi, ankabwerekana malaya. Bwanayo anagula makina ometera atsopano, amagetsi, oyamba mumsewu wonse, ndipo ankawanyadira kuposa ana ake. Tsiku lina m'mawa makinawo sanapezeke. Bwana atafunsa, a Ndinali sanalumbire, sanalire. Anangoloza ndi mlomo n'kunena kuti afunsidwe amene anatseka dzulo. Bwana anawakokera achimwene panja atawagwira pakolala n'kukuwa kuti wakuba, ndipo mukudziwa chimene msewu umachita ukamva mawu amenewo. Anabwera ogulitsa, anabwera odutsa, anabwera ndi ena amene sankadziwa n'komwe kuti chabedwa n'chiyani. Apolisi atafika anatola munthu wopanda mano akutsogolo, dzanja lamanja litaphwanyidwa ndi njerwa.

Kuchipatala, ndi milomo yotupa, achimwene anandiuza kuti dzulo lake anamuona mnzawoyo akutuluka ndi kathumba m'kati mwa malaya, koma anaganiza kuti watumidwa ndi bwana. Apolisi anawamasula chifukwa makinawo sanapezeke nawo. Koma msewu sumasula munthu. Mwezi usanathe a Ndinali anali ndi nsapato zatsopano, zofiirira, zosongoka, zogogoda, zimene ankavala pokaima pampanda wa mtsikana amene lero ndi mkazi wakeyo. Ndinanena, ndinakuwa, ndinayenda khomo ndi khomo. Anthu ankangoti chibale n'fupa, mlongo wa wakuba anganene chiyani china.

Dzanjalo linapola lopindika, zala zosatambasuka. Lumo silinagwirikenso. Achimwene anayamba kukankha wilibala pamsika, kunyamula katundu wa anthu amene ankayenda pambuyo pawo maso ali tcheru pa matumba awo. Anawapatsa dzina loti a Mashini, ndipo linakakamira. Ana obadwa zaka zambiri pambuyo pake ankawaitana choncho mwaulemu, poganiza kuti ndilo dzina lawo. Mkazi wawo anachoka. Bwana uja anamwalira, shopu inagwera m'manja mwa a Ndinali, kenaka anatembenuka mtima n'kuyamba kutchuka. Wilibala ikamveka kulira mumsewu, iye ankapeza chopukuta pagalasi mpaka idutse. Ndinamupitira kamodzi, nditamva umboni wake woyamba, poganiza kuti mwina tsopano anena. Anandiyankha akunola lumo kuti zakale zonse anazisiya pamtanda, ndipo wozifukula akulimbana ndi Mulungu. Kuyambira tsikulo ndinasiya kumupatsa moni.

Chaka chatha achimwene anayamba kutupa miyendo ndi kupuma movutikira. Adokotala anati ndi mtima, anapereka mapiritsi, ndipo nkhope zawo zinanena zotsala. Wilibala tinaiimika kuseri. Posowa chochita, achimwene anayamba kunditsatira kutchalitchi, n'kumakhala pa benchi lomaliza pafupi ndi khomo chifukwa cha mpweya. Sindikudziwa chimene chinawalowa, koma chinawalowa ndithu. Munthu amene zaka zonse ankafunsa kuti Mulungu anali kuti tsiku la njerwa lija anayamba kung'ung'udza nyimbo posamba. Anandiuza kuti moyo wawo wonse anatanganidwa ndi zimene anthu anawachita, moti sanayang'anepo zimene iwo anamuchita mkazi wawo, munthu amene sanaponye njerwa ndi imodzi yomwe koma ndi amene ankalandira mkwiyo wonse. Anati atayang'ana pamenepo ndi pamene anamvetsa nkhani ya chingwe ija. Ankafuna kubatizidwa miyendo isanawakane.

Mpingo wathu uli ndi kachitidwe kake. Wofuna ubatizo amayamba wakumana ndi akulu a mpingo n'kuwauza zimene akuzisiya, kenaka amaimirira pamaso pa mpingo wonse n'kuzitchula ndi pakamwa pake. Achimwene anapita. Anatchula mowa, anatchula kutukwana, anatchula mmene ankamuzunzira mkazi wawo mpaka anamanga katundu. Akulu anamvetsera n'kuwafunsa ngati palibe china. Anati palibe. Anawafunsanso mofatsa ngati akukumbukira chifukwa chimene anthu amawatchulira dzina lija. Anati akukumbukira bwino lomwe, koma makinawo sanabe. Akuluwo anayang'anana ndi chisoni chija cha anthu oyera, n'kunena kuti mtima ukadali wouma, ubatizo udikire. A Ndinali anali pakati pawo, ndipo achimwene akuti nthawi yonseyo ankangokonza tayi.

Ndiye akulu anaganiza zothandiza. Anati mumpingo muno tili ndi katswiri wa kulapa, munthu amene anavomereza zoopsa kuposa kamakina, komanso ndi mnzawo wakale. Anatuma a Ndinali kuti akawaphunzitse achimwene kuulula.

Anabwera Lolemba masana, atavala suti, kachikwama kachikopa kukhwapa. Ndikanamuthira madzi otsukira mbale, koma achimwene anati alowe. Chipinda chawo n'chaching'ono: bedi, mpando umodzi, mabotolo a mankhwala pazenera. Ine ndinakhala pakhomo ndi siketi ya kasitomala, ndikupinda m'munsi ndi singano, makutu ali m'kati. A Ndinali anayamba ndi pemphero lalitali. Kenaka analankhula za kudzichepetsa, za mmene iye anamasukira tsiku limene anaulula za mfuti, za kukoma kwa kuthokoza ukadziwa kumene wachokera. Maso ake anayenda padenga, pazenera, pa mabotolo, paliponse kupatula pa dzanja limene linali pabulangete.

"Ndi mawu chabe, achimwene," anatero pomaliza. "Mukangonena Lamulungu likubwerali, linalo muli m'madzi."

"Ndinene kuti chiyani?"

"Kuti munatenga."

Achimwene anapuma ngati munthu wokwera chitunda.

"Iweyo ukufuna ndinene choncho?"

A Ndinali anati si iye, ndi akulu a mpingo, iye wangotumidwa. Anawonjezera kuti akuluwo apempha kuti popepesa atchule amene anawalakwira, malemu bwana ndi aliyense amene anavutika ndi nkhaniyo. Achimwene anati amva, adzanena. Munthuyo anatuluka mofulumira moti anaiwala kachikwama kake pampando, ndipo ndinachita kumuponyera mumsewu.

Atapita ndinawakalipira achimwene ngati mwana. Ndinawafunsa ngati mano awo, dzanja lawo ndi zaka zonse za wilibala akuzipereka ulere kwa galu ameneyu. Ndinati chinthu chokha chimene anatsala nacho n'chakuti sanavomerepo, ndipo akachitaya adzafa ali a Mashini enieni, mwa pakamwa pawo pomwe. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu kuuma.

"Dzina linapita kale, chemwali," anatero. "Ndakana moyo wanga wonse, anamva ndani? Miyendoyi ukuiona. Madzi aja ndikuwafuna ndisanagone. Amene anatenga Mulungu akumudziwa."

Ndinapita kwa abusa. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka ananena kuti n'zachibadwa kuikira kumbuyo m'bale wako, ndipo kuti munthu amene anaulula poyera za mfuti ndi ndende sangabise kamakina. Mwaona pamene panagona nzeru za a Ndinali. Mabodza akuluakulu aja anali mpanda wotchinga kachoonadi kakang'ono. Khoswe anali atakhala pamkhate, ndipo ine ndinabwerera kunyumba ndi mwala wanga m'manja.

Sabata imeneyo ndinawasokera achimwene malaya oyera a ubatizo, ndikupalasa makina ngati ndikuponda mutu wa njoka. Tsidya lina zinthu sizinkayenda. Ndinaona a Ndinali akumeta mutu wonse osazimitsa makina, osalalikira. Tsiku lina anakhotetsa mzere wa mphunzitsi wina mpaka anachita kumupala mpala kuti abise. Ankatseka dzuwa likadali m'mwamba. Sindinaike mtima pa zimenezo, chifukwa munthu amene wanyamula chinthu kuyambira unyamata akhoza kuchinyamula sabata inanso.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza, chifukwa mbiri inali itawanda kuti a Mashini akukalapa. Ena amene sindinawaonepo m'mapemphero anabwera, atatchena, ngati akukaonera mpira. Achimwene anayenda pang'onopang'ono kuchokera ku benchi lomaliza. Atafika kutsogolo kunapezeka kuti dzanja lamanzere lagwira ndodo, ndipo lamanja silingagwire maikolofoni. Abusa anakodola a Ndinali, mphunzitsi wawo, kuti awagwirire. Choncho anaima awiriwo phewa ndi phewa, wina atatambasulira mkono kukamwa kwa mnzake. Wa kiyibodi anayamba kanyimbo kake ka pansipansi.

Achimwene anatchula mowa ndi mkwiyo, anatchula mkazi wawo. Anapuma. Kenaka ananena momveka bwino, liwu lililonse palokha, kuti iwo anaba makina ometera a abwana awo. Mpingo unayankha Ameni wamkulu, wokhuta, wa anthu amene alandira chimene anadzera. Ine ndinaluma mpango. Anapepesa kwa malemu bwana. Kenaka anatembenuka pang'ono.

"Ndipepesenso kwa mnzanga uyu," anatero. "Tinkadyera mbale imodzi. Ndinamuchititsa manyazi pantchito. Undikhululukire, mnzanga."

Sindikudziwa ngati achimwene anachita dala. Nditawafunsa pambuyo pake anangomwetulira. Maikolofoni inawagunda pachibwano, inatsika mpaka m'chiuno. A Ndinali ananena kanthu kamene sikanafike ngakhale pa benchi lachiwiri. Abusa anawerama n'kumufunsa kuti wati chiyani.

"Sanabe."

Ndinayembekezera kuti ayamba ndi mawu ake aja, akweza manja, apinda malaya. Sanatero. Katswiri wa umboni analankhula ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa, modukizadukiza, maso ali pansi, maikolofoni ili lende.

"Ndinatenga ndine. Ndinagulitsa. Ndinagula nsapato. Bwana atafunsa ndinaloza iyeyu." "Akumumenya anapulumuka kamodzi, anathamangira kushopu. Ine ndinali m'kati. Ndinakhoma chitseko. Anagogoda, ananditchula dzina. Dzanjalo analiphwanyira pachitseko pomwepo."

Za chitsekozo sindinkazidziwa. Achimwene anali asanandiuzepo, zaka zonsezi.

Kiyibodi inasiya. Panalibe Ameni, panalibe wopukuta misozi. Ndinayang'ana nkhope za anthu ndipo ndinaona kunyansidwa, ine n'kunyansidwa nawo iwowo. Awa ndi anthu omwe aja amene ankaombera m'manja mipeni ndi mfuti, amene ankabweretsa ana awo kudzamva mmene mkango unkabayira anthu opanda dzina. Wakupha ankamukonda. Wamantha wogula nsapato anawanunkhira. Mayi wina kumbuyo kwanga ananong'oneza mnzake kuti, nsapato basi? Ngati kuti akanagula galimoto zikanamveka. Ndipo pakati pawo panali nkhalamba zingapo zimene ndikudziwa bwino kuti zinalipo pa tsiku la njerwa lija. Zinkawerenga malata kudenga.

Abusa, nkhope itagwa, anafunsa a Ndinali za zina zija, gulu lija, ndende ija. Anapukusa mutu n'kunena kuti kunalibe. Anati ankaganiza kuti akaunjika zikuluzikulu ichi chikwiririka, koma nthawi zonse chinkatsala pamwamba. Kenaka abusa anatembenukira kwa achimwene, akusowa poyambira. Achimwene ndi amene anawathandiza.

"Abusa, akulu ankafuna tchimo lina. Ndi ili mwalimva nokha, ndanama m'nyumba ya Mulungu. Limeneli likwana?"

Abusa anavula magalasi n'kuphimba kumaso. Akulu a mpingo pamipando yawo anangoti zyoli.

A Ndinali anachotsedwa pampando sabata yomweyo. Kumene anamuitana kukalankhula anaimba foni kuti apeza wina. Makasitomala ena anasamukira kwa wometa wa kumsika, ponena kuti sangapereke khosi lawo kwa munthu wotere, ngakhale ankalipereka mosangalala pamene ankakhulupirira kuti anaphapo anthu. Mkazi wake anadutsa pakhonde langa atafunda mpango mpaka m'maso. Iye ndinkamuona atakhala yekha m'shopu, makina ali chete. Chisoni sindinamve ngakhale pang'ono. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Ubatizo unachitika Lamulungu lotsatira, m'thanki la simenti kuseri kwa tchalitchi, dzuwa lili paliwombo. Amuna awiri anawatsitsira achimwene m'madzi atawagwira m'khwapa. Abusa anawatchula dzina lawo lenileni, limene amayi anawapatsa, mokweza, ndipo anthu ena anacheuka kufunafuna kuti akunena ndani. Ine dzinalo ndinali ndisanalimve pagulu kuyambira ndili mtsikana. Pamenepo ndinalira, osabisa. Achimwene anavuuka akutsokomola, akuseka, malaya atamatirira kunthiti.

Ndikupita kukatenga thaulo ndinaona a Ndinali. Anaima yekha kumpanda, pafupi ndi mpopi, wopanda suti, atavala malaya ake a kuntchito. Ankalira, koma sikunali kulira kuja kwa pa maikolofoni. Kunalibe mawu, kunalibe manja m'mwamba, mamina okhaokha, kulira konyansa kwa munthu wamkulu. Milomo inkayenda. Nditayandikira ndinamva kuti akungobwereza zikomo, zikomo, motsitsa, ngati akuopa kuti wina amumva. Zinandipsetsa mtima kuposa kufuula kwake konse. Ndinaswa lamulo langa, ndinamulankhula. Ndinamufunsa ngati akulirira mpando wake, ndi kuti zikomoyo ndi wa chiyani popeza zonse zamuthera.

Anati zaka zonse zija ankathokoza chifukwa cha zinthu zimene sanachite, ndipo zinali zopepuka, ankatuluka m'tchalitchi akuganiza za nkhomaliro basi. Anati tsopano akangotseka maso amamva kugogoda kuja.

"Ambuye anali pomwepo, achemwali. Anandiona ndikukhoma. Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikudya mgonero wawo, ndikunama paguwa pawo, iwo akudziwa. Sanandikanthe. Ndipo mlongo wanuyo wanditumira mawu dzulo kuti ndizibwera kudzamumeta." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Chimenechi munthu amathokoza bwanji?"

"Musandifunse ine," ndinatero. "Ndikanakhala kuti Mulungu ndine, bwenzi inu mutaola kalekale."

Anagwedeza mutu, osakwiya, n'kunena kuti akudziwa, ndipo n'chimene akuthokozera.